Galimoto Yokokera Bwato la Bambo

Bambo anga anakhoma bwato la matabwa kuseri kwa nyumba yathu ku Entre Lagos, pansi pa mtengo wa mango pamene nkhuku zimasambira fumbi. Anthu opita ku siteshoni ya sitima ankaima pampanda n'kumafunsa ngati kukubwera chigumula chimene tauzidwa ife tokha. Bambo ankayankha osadzutsa mutu kuti chikabwera, oseka onse adzakwere mumtengo wa mangowo, malo alimo. Iwo ankaseka nawo, koma ine ndinkapsa mtima. Ndine wa mtima wapachala, ndipo aliyense wa pamsika pathu angakuuzeni zimenezo musanamufunse n'komwe.

Bambowo anabadwira m'mphepete mwa nyanja ya Amaramba, msodzi mwana wa msodzi. Nkhondo itafika kumeneko anabisa bwato lawo m'mabango n'kuthawira nafe ku Malawi, ine ndili kumsana kwa amayi. Kumsasa wa othawa nkhondo kunalibe nyanja, choncho anaphunzira kupala matabwa. Mtendere utabwera tinabwerera, koma malo tinawapeza kufupi ndi njanji, ndipo zaka zonse zotsatira anathera kukhoma zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro. Za bwato la m'mabango lija sankazikamba. Amayi atamwalira ndi pamene anayamba kugula matabwa a mlombwa limodzilimodzi, n'kumawaunjika pakhonde osauza munthu ntchito yake.

Chaka chomwecho maso awo anayamba kuvuta. Ndinapita nawo kuchipatala ku Cuamba ndikuganiza kuti ndi ng'ala, akapala tibwerere. Adokotala anatiuza mosabisa kuti si ng'ala ayi, ndi matenda a m'kati mwa diso, ndipo kuwala kumene kwapita sikubwereranso. Anatipatsa mankhwala odontheza oti achedwetseko. Pobwerera musitima, titayandikira kwathu, bambo anati, "Mwanawe, ine ndikufuna chinthu chimodzi. Matabwa aja ndi a bwato. Bwatolo ndilione likuyandama pa Amaramba maso awa asanatseke. Osati pa Chiuta, osati pa Chilwa. Pa Amaramba." Ndinawalonjeza pomwepo, pakamwa patathamanga monga mwa masiku onse, ndisakudziwa kuti bwato limayenda bwanji pamtunda.

Analimaliza mvula yoyamba itagwa kale. Abale inu, linali bwato! Lalitali kuposa khonde lathu, lomatidwa phula m'mizere monse, lolemera moti amuna a pamudzi atayesa kulitukula anangolisuntha pang'ono n'kuyamba kugwira misana. Wowotcherera zitsulo wa pamsika anatipangira ngolo ya matayala awiri yoti ligonepo. Chinatsala ndi chokoka. Eni malole onse anandiyankha ngati anapangana, akuti dikirani mvula ithe, mayi. Mwini thirakitala anali ndi mzere wa minda ya anthu wosadziwika kothera. Bambo wina wa karinya, zija zotsegula kumbuyo zonyamula matumba, anavomera akudziguguda pachifuwa. Titangosiya msewu waukulu n'kufika padambo loyamba, matayala ake akumbuyo anayamba kuzungulira malo amodzi, akutsogolo ali phee ngati alendo. Bwatolo tinalibweza kunyumba ndi ng'ombe zobwereka, anthu a pampanda aja akuomba m'manja. Tsiku limenelo ndinaona bambo akupapasa patebulo kufuna kapu yawo ya tiyi, kapuyo ili pamaso pawo pomwepo. Ndinadziwa kuti za kudikira mvula kuti ithe palibepo.

Ine ntchito yanga ndi kugula nandolo, nyemba ndi nsomba zouma m'midzi n'kukagulitsa ku Cuamba ndi pamalire. Kuyendetsa galimoto ndinaphunzira kalekale, karita yake, chiphaso choyendetsera, ndili nayo, ndipo ine ndi amuna anga tinakhala tikusunga kwa zaka kuti tidzagule yathuyathu. Koma iwo mumtima mwawo munali shapa, minibasi yonyamula anthu, yoti iziyenda mumsewu wabwino n'kumabweretsa kangachepe madzulo aliwonse. Nditawauza kuti ndikufuna galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, imene kuno timaitchula kuti kwatro-por-kwatro, anasiya kudya.

"Amake mwana, tigule galimoto chifukwa cha ulendo umodzi?"

"Ulendo umodzi wa bambo anga," ndinatero. "Ndipo ukatha, nandolo wa kuseri kwa madambo adzakamutenga ndani? Shapa yanuyo? Mashapa ali mbwee pamsikapa, akulimbirana gogo mmodzi ndi nkhuku yake. Kumene galimoto sizifika n'kumene kuli malonda."

"Zimenezo zimamwa mafuta ngati chidakwa."

"Chidakwa chofika kunyumba n'chabwino kuposa wosamwa wogona padambo."

Anaseka, ndipo amuna anga akaseka ndiye kuti mlandu watha. Anangondichenjeza kuti walira mvula walira matope, ndisadzawaitane tsiku limene ndidzatitimire. Koma m'mawa mwake iwo ndi amene anayamba kuvala nsapato.

Ku Cuamba tinayenda m'mabwalo ogulitsira magalimoto akale, ine mtima ukudumphadumpha ngati mwana wokagulidwa nsapato za pa chikondwerero cha Natale. Ndinali nditafunsafunsa kale kwa mamotorista, madalaivala onyamula mitengo m'nkhalango, anthu amene chaka chonse amakhala m'matope, ndipo ndinkadziwa chimene ndikufuna. Ikhale ya dizilo, ya magiya apamanja, yotalika kuchoka pansi. Ikhale yolemera kuposa chimene ikukoka, chifukwa ngolo ikalemera kuposa galimoto, woyendetsa amakhala ngoloyo. Chokolekera ngolo chikhale chomangidwa pa chitsulo chenicheni cha pansi, osati pa bampala. Ndiponso ikadwala, zitsulo zake zizipezeka pa Cuamba pomwepo, osati kumadikira kuti zichokere kutsidya kwa nyanja yamchere.

Yoyamba kutionetsa inali yakuda, yonyezimira moti ndinadziona mano pachitseko. Mipando yachikopa, mphepo yozizira m'kati, ndipo wogulitsa anati kuti ikoke ndi matayala anayi umangodina kabatani. Amuna anga anakhala m'menemo n'kutsinzina, ndinachita kuwakoka mkono. Ine ndinagwada n'kusuzumira pansi. Mimba yake inali pafupi ndi nthaka moti kachulu kakang'ono kakanaing'amba. Ndinamufunsa wogulitsayo kuti kabataniko kakadzafa ndili pakati pa dambo ndidzadina chiyani, iye anati sikafa. Ndinati chabwino achimwene, asungireni abwana a mu ofesi.

Yachiwiri ndiye inatsala pang'ono kundipusitsa. Inali karinya yaitali, yofiira, matayala a mano akuluakulu, ndi zilembo za kwatro-por-kwatro mbali zonse. Injini inkalira bwino. Ndodo za magiya zinalipo ziwiri, yaikulu ndi kakang'ono kaja kolowetsera matayala akutsogolo. Mwini wake anali munthu wa pakamwa potsekemera. "Dona, iyi imakwera ngakhale mumtengo," anatero. Amuna anga anandiyang'ana, maso awo akunena kuti timalize tizipita. Ine ndinamanga chitenje bwinobwino, ndinayala katoni pansi, n'kulowa kunsi kwa galimotoyo chagada. Anthu anasonkhana kudzaona mayi wamkulu atatsala mapazi okha.

Kuno kuli kachitidwe kena koti munthu wogula galimoto yotere azikadziwa. Eni ake akaona kuti akungoyenda mumsewu wabwino, amamasula chitsulo chachitali chimene chimapititsa mphamvu ku matayala akutsogolo, chimene amakaniko amachitcha karidani, ati kuti galimoto isamamwe mafuta ambiri. Ena amachisunga, ena amachigulitsa, ena ndinawaona atachisandutsa mpiringidzo wa khola la mbuzi. Kunja galimoto imaoneka yomweyo, kandodo kaja kamalowa bwinobwino, koma kutsogolo kulibe chimene chikuchitika. Ndinayang'ana pamene chitsulocho chimakhala. Panali mabowo a mabawuti okhaokha, odzaza dzimbiri ndi ulusi wa kangaude.

Ndinatuluka mpango uli pambali, mtima utakwera kale. "Achimwene, karidani ili kuti?"

"Ili kunyumba, dona. Mawa ndibweretsa."

"Kangaude ali pansipa wakhalapo mpaka waona adzukulu! Mumafuna ndikazindikire ndili m'matope ofika m'chiuno, bambo anga ali m'kati? Mwaona chitenje mwati uyu ndiye wagwa m'mbuna?"

Anthu anafa ndi phwete, mwini karinya anayamba kupukuta galasi loyera kale. Amuna anga anandigwira paphewa n'kunditulutsa pabwalopo, chifukwa ndinali ndidakali ndi zambiri zonena. Panjira anangoti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ngati kuti si iwo amene ankafuna timalize.

Yathuyi tinaipeza kuseri kwa ofisina ina ya amakaniko, pamalo pamene palibe ankaionetsa. Kale inali yoyera, tsopano ya mtundu wa phulusa, chitseko chimodzi chochokera ku galimoto ina, mipando yosokedwa ndi ulusi wa matumba. Moyo wake wonse inkayenda m'minda ya thonje. Ndinalowanso pansi. Karidani ilipo, yonona girisi. Chitsulo cha pansi chosawotchereredwa paliponse, chokolekera ngolo chomangidwa pomwepo ndi mabawuti onenepa ngati chala changa chachikulu. Mwini wake anafuna kundiyendetsa mumsewu wa phula, ine ndinati za phula sindikufuna kumva, tipite kumene akuumba njerwa.

Kumeneko kunali chidzenje cha matope chimene oumba anachisiya. Ndinatsika n'kupotokola timaloko ta pakati pa matayala akutsogolo kuti nawonso azikoka, ndinakankha kandodo kaja mpaka pa reduzida, giya yoyenda pang'onopang'ono koma ya mphamvu za ng'ombe, n'kulowa m'matopemo mwadala. Nditafika pakatikati ndinaima, ndinazimitsa injini kuti matayala amire bwinobwino. Mwini galimoto anagwira kumutu. Ndinalizanso, ndinamasula phazi pang'onopang'ono, ndipo ndinamva chinthu chimene sindidzaiwala. Kutsogolo kukukoka, kumbuyo kukukankha, galimoto yonse ikudzuka m'matopemo ngati mvuu. Ndinakuwa ndekha m'katimo! Oumba njerwa anaimba malikhweru, amuna anga akuthamanga m'mbali nsapato zili m'manja, akufuula kuti, "Ndi yomweyi, amake mwana! Ndi yomweyi!"

Titafika nayo kwathu bambo anaizungulira akuisisita ndi manja. Anagogoda pachitseko, anaponda tayala, anandiuza kuti ndilize injini, n'kutchera khutu.

"Yatengera iwe, mwanawe," anatero. "Phokoso lambiri, koma mafupa ili nawo."

Tinanyamuka m'mamawa tsiku limene kunacha bwino. Bwato tinaligoneka pa matayala akutha kuti lisakhulike, tinalimanga ndi zingwe, kulemera kwake kutapendekera pang'ono kutsogolo kuti ngolo isamagwedeze mchira. Bambo analamula kuti tikwezenso thumba la mpunga ndi shuga. Ine ndinkaganiza kuti ndi mphatso ya mnzawo wa ubwana wa ku Amaramba, amene tinamutumizira uthenga kuti tikubwera. Anthu a pampanda aja anadzuka kudzationa tikuchoka. Ndinawaimbira hutala mpaka agalu anathawa.

Dambo lija linatibweza tinalipeza litakhuta madzi kuposa kale. Dothi lake ndi makande, lakuda, pamwamba loterera ngati sopo, pansi logwira ngati ulimbo. Amuna anga anapinda buluku n'kuyenda patsogolo ndi ndodo, akundionetsa polimba. Ndinaphwetsako matayala kuti aziponda motambalala, ndinalowetsa reduzida, ndinati Mulungu atsogole. M'matope sufunika kuthamanga, sufunikanso kuima, ndipo kwa munthu wa mtima ngati wanga kusathamangako n'chilango. Madzi anafika m'zitseko. Ngolo inaterereka, bwato linapendekeka, ndinaliona pagalasi likubwera cham'mbali ngati likufuna kundipitirira. Bambo anagwira chitseko n'kufuula, "Usaime, mwanawe! Ponda!" Injini inabangula, matope anauluka mpaka padenga, ndipo tinatulukira kutsidya tonse, galimoto, ngolo ndi bwato. Ndinatsika n'kuvina pamsewu pomwepo. Amayi ena amene ankapalira chimanga anataya makasu n'kundiimbira nthungululu osadziwa kuti ndine yani.

Kuyambira pamenepo ulendo unasanduka chikondwerero. Ku Chiuta msika wonse unatembenuka kuyang'ana bwato loyenda pamsewu. Anthu a njinga onyamula madengu a nsomba ankatsika n'kuima m'mbali kukamwa kuli yasa. Pamlatho wina wa mitengo tinatsitsa bambo, tinaulumphira kuti tione ngati ulimbe, n'kuwoloka mtima uli m'mwamba, mitengo ikulira kunsi. Potsikira kumtsinje wina ndinasiya giya yaing'ono igwire yokha osaponda buleki, chifukwa ngolo yolemera ikakukankha poterera imakutembenuza ngati chitumbuwa. Paliponse pamene tinaima kuti tikhwimitse zingwe, amuna anga ankafotokozera anthu mmene anasankhira galimotoyi, ndi mmene anatulukirira chinyengo cha karidani. Ndinawasiya, tsiku linali labwino.

Bambo anasanduka mnyamata. Ankatchula midzi tisanaifike, ankanena za anthu amene ankagula nsomba zawo, amene ankaba pamuyeso, amene anali ndi ana aakazi okongola. Ndinali ndisanawamvepo akuyankhula chonchi. Koma titayandikira analoza kudzanja lamanja n'kunena kuti, "Mkuyu uja ndi uwo, tinkapumirapo ndi madengu." Ndinayang'ana. Panalibe mtengo uliwonse, munda wa chinangwa wokhawokha. Ndinayang'anana ndi amuna anga. Ndinkadziwa kuti bambo amaonako bwino dzuwa likakhala lamphamvu, ndipo linali lidakawala, koma kutsogolo kwathu mitambo inali itayamba kuunjikana, yakuda bii. Ndinawonjezera moto.

Tinafika padoko dzuwa litangopendeka. Nyanja ili apo, mabango, mabwato a mtengo umodzi atagona m'mphepete, fungo la matemba oyanika. Kuchokera pamene msewu unathera kukafika pamadzi panali kamtunda ndithu, ka udzu wonyowa ndi mchenga, koma kwa galimoto yanga amenewo anali masewera. M'mutu ndinali nditakonza kale zonse. Nditembenuke, ndibwerere chambuyo mpaka matayala a ngolo alowe m'madzi, timasule zingwe, bwato litsetsereke lokha bambo akuona, mitambo isanafike. Ndinayamba kutembenuka.

Pagalasi ndinaona mkulu wina wa mkanjo woyera ndi kachisoti kachisilamu ataima kumbuyo kwa ngolo, dzanja lili m'mwamba. Anali mnzawo wa bambo uja, Myao wa komweko, ndipo ana ake ndi amene anali oti azidzapha nsomba ndi bwatolo. Bambo anatsika, awiriwo anagwirana manja osafuna kusiyana, akuyankhula Chiyao chimene ine ndimangotolako mawu ochepa. Ndinadikira injini ikulira. Kenako ndinatulutsa mutu pawindo n'kuwaitana mkuluyo monga amachitira kumeneko.

"Ambuje, tapatukani pang'ono ndilowetse. Malonje tichita bwato lili pamadzi."

"Zimitsani galimoto, mwanangu," anayankha m'Chinyanja. "Ntchito yake yagwira, taona tonse. Kuyambira pano bwato limayenda ndi manja."

Ndinatsika n'kumenyetsa chitseko. Iwo anandifotokozera modekha. Padoko pawo bwato latsopano sililowa m'madzi mpaka amuna a padokopo aligwire chingwe n'kulikoka okha. Aliyense amene wakoka nawo, bwatolo lamulowa m'manja. Tsiku limene mphepo idzalitengere pakati, kapena likadzatembenuka ndi anthu, iye sadikira kupemphedwa, amangokankha lake n'kupita. Bwato limene palibe analikoka ndi lachilendo, likagwa m'mavuto anthu amayamba afunsana kaye kuti kodi ndi la yani.

"M'menemu muzikhala ana anga," anatero. "Likadzatembenuka pakati apo, galimoto yanuyi idzasambira kukawatenga?"

"Ndiye akoke msanga! Ali kuti anthuwo?"

Ena anali kumzikiti, ena kuminda ya mpunga, ena anali akubwera kuchokera panyanja. Ankayenera kuitanidwa onse. Ndinayang'ana kumwamba. Mtambo unali utaphimba kale tsidya lina la nyanja, mphepo yayamba kugwedeza mabango. Magazi anandikwera kumutu. Ndinawauza kuti ndakana shapa, ndagona pansi pa magalimoto, ndawoloka madambo kuti munthu uyu aone bwato lake, ndipo kukangoda saonanso kanthu. Ndinati mwambo ukhoza kudikira, maso sadikira. Ndinalira ndi ukali, misozi yotentha, anthu akundiyang'ana. Ndinatembenukira kwa bambo kuti andiikire kumbuyo.

"Masula ngolo, mwanawe," anatero.

"Bambo, kukuda! Ndingolowetsa pang'ono, mulione!"

"Ndamva. Masula ngolo. Mpunga uja upereke kwa amayi awa ayambe kuphikira okoka. Sindinakhome bwato loti lidzamize ana a mnzanga anthu akufunsana."

Ndinamasula ngoloyo. Ndinakhala pabampala ndikuyang'ana dzuwa likulowa mumtambo, ndipo ndinawakwiyira onse, mkulu uja, bambo anga, ndi amuna anga amene anaima chapatali ngati sakundidziwa.

Anthu anabwera, koma mwa kabweredwe ka anthu, wina akumanga nsalu, wina akumaliza kutafuna. Anatsitsa bwato pangolo, anayala mitengo yoti lizigubudukirapo, anamanga chingwe chachikulu kumutu kwake. Mmodzi anayambitsa nyimbo ya Chiyao, ena onse anavomera, ndipo pa kuvomerapo bwato linasuntha. Ha! Ngakhale ndinali nditakwiya, thupi lonse linachita tsemwe. Amuna a misinkhu yonse atagwira chingwe, amayi akutola mitengo yotsalira kumbuyo n'kuthamanga nayo kukayala kutsogolo, nthungululu, matope m'miyendo. Amuna anga analowa pachingwe ndi malaya awo abwino. Ine sindikudziwa kuti ndinanyamuka nthawi yanji pabampala paja. Ndinangozindikira ndasenza mtengo, ndikuthamanga ndi amayi anzanga, ndikukuwa nyimbo imene mawu ake sindikuwadziwa.

Mvula inatipeza tisanafike. Inayamba ndi madontho akuluakulu, kenako inangokhuthuka, moti ine wa maso abwino ndinkavutika kuona mabango. Palibe anasiya chingwe. Bambo ankayenda m'mbali mwa bwato dzanja lili pamphepete pake, ndipo mutu wa bwato utakhudza madzi iwo sanaime. Analowa ndi nsapato zomwe, madzi m'maondo, kenako m'chiuno. Ndinataya mtengo n'kuwathamangira, ndinawagwira lamba kumbuyo. Okoka anazungulira kumchira, anafuula komaliza, anakankha, ndipo bwato lonse linachoka pansi. Ndinaona mkono wa bambo ukukwera nalo pang'ono, n'kutsika, n'kukweranso.

Padoko ponse panali phokoso, anthu akumenya madzi ndi manja, amayi akululutira. Ndinayandikitsa pakamwa kukhutu kwawo.

"Mwaliona, bambo?"

"Ayi, mwanawe. Ndikunamize chifukwa chiyani? Papita nthawi ndikungoona utsi. Ndinkakubisira kuti ungagwe ulesi." Anasisita thabwa lija. "Koma lapepuka, ndalimva. Tabwerera m'mbuyo pang'ono uliyang'ane bwino. Lakhala bwanji pamadzi? Lapendekera mbali iti? Usandinyengerere, ndine mmisiri ine."

Ndinawasiya m'manja mwa mnzawo uja. Ndinabwerera m'mbuyo madzi akundikoka chitenje, ndinapukuta kumaso, ndinaliyang'ana cha kumutu. Ndinazungulira n'kukaliyang'ananso cha kumchira, diso limodzi nditatsinzina monga momwe iwo akanachitira.

"Lakhala mowongoka, bambo!" ndinakuwa. "Silinapendeke ngakhale pang'ono!"

"Nanga m'kati? Madzi akulowa?"

Ndinasuzumira, ndinapapasa m'mizere ya phula ndi zala. "A mvula okha."

Anagwedeza mutu, anamenya thabwa ndi chikhatho, n'kutembenukira kumene kunkamveka mawu a anthu.

"Nanga mukudikira chiyani?" anatero. "Ndikwezeni."